HIFU ya prostate: mmene mungakonzekere, ndi zomwe ndinaona sabata ya kachubu ija

Chinenereni kutchalitchi kuti ndinali kuchipatala ndi nkhani ya prostate foni yanga siikupuma, madala amadikira kaye mayi agone nde amaimba monong'ona kufunsa kuti achimwene ija munapanga ija ndi zoona kuti saboola pamimba, nanga kuchipinda zinthu zilipobe? Nde ndati ndingolemba kamodzi aliyense aziwerenga payekha mopanda manyazi. Ine si dokotala, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku England, ndili ndi zaka 59, ndipo zomwe ndilembe pano ndi zomwe ndinadutsamo ndi zomwe ndinafufuza nthawi imene tulo tinkasowa.

Kwa amene sakudziwa, prostate ndi kanyama kangati kandimu kakang'ono kamene kali pansi pa chikhodzodzo, njira ya mkodzo imadutsa pakati pake penipeni ndipo kumbuyo kwake kanagundana ndi thumbo la chimbudzi, ndi chifukwa chake adokotala akamayeza amapisa chala kumbuyo kuja anthu amathawa kuja. HIFU, yomwe ndi njira yootcha khansa ya prostate ndi mafunde, amadzera njira yomweyo. Amalowetsa kachipangizo kumbuyoko iwe uli mtulo, kachipangizoko kamatumiza mafunde a ultrasound, omwe aja amaunikira amayi oyembekezera koma awa ndi amphamvu kwambiri ndipo amawasonkhanitsa pamalo amodzi, ngati muja tinkaotchera pepala padzuwa ndi galasi la mandala tili ku pulayimale. Pomwe mafundewo akumana pamatentha kupitirira madigiri 80, kamalo kake kochepa ngati kambewu ka mpunga, nde amapita kambewu kambewu mpaka chotupa chonse ndi m'mbali mwake zitapsa. Zomwe zili panjira sizipsa. Makina odziwika ndi Sonablate ya ku America ndi Focal One ya kampani ya ku France ya EDAP, palinso ina yotchedwa TULSA yomwe imadzera njira ya mkodzo munthu ali mu makina ounikira mkati mwa thupi aja a MRI koma imeneyo ine sindinadutsemo.

Chomwe muyenera kumvetsa musanasangalale ndi chakuti prostate sayichotsa. Amangootcha mbali yomwe ili ndi khansa, kwina konseko kumatsala, ndipo ubwino wake uli pomwepo, vuto lakenso lili pomwepo. Ndibwereranso pamenepa kumapeto.

Poyambira ndi mapepala anu. Ambirife tikatuluka mwa adokotala timangogwira mawu amodzi oti khansa, zina zonse zimadutsa ngati mphepo, ukafika kunyumba mayi akufunsa kuti akuti bwanji iwe ungoti akuti ilipo basi. Ayi. Pemphani kope la lipoti la MRI ndi la biopsy, kuja amatenga tinyama ndi singano kuja, ndipo mudziwe zinthu zinayi pamtima ngati nambala ya foni: PSA yanu, nambala ya prostate yomwe amayeza m'magazi, ndi zingati, Gleason, nambala yoonetsa ukali wa khansayo, ndi zingati, chotupa chili mbali iti, komanso ngati chatuluka kunja kwa prostate kapena ayi. Yanga PSA inali 7.8, Gleason 3+4, chotupa chimodzi kumanzere chakumbuyo, sichinatuluke. Anthu a mtundu umenewu ndi omwe HIFU imawayenera kwambiri, khansa yapakatikati, yooneka bwino pa MRI, yokhala mbali imodzi, PSA yosafika 20. Ngati yanu ndi 3+3 nthawi zambiri amangoti tiziyang'anira, osakhudza chilichonse, ndipo musaone ngati akukunyalanyazani, mtundu umenewo umayenda pang'onopang'ono moti ambiri amakalamba nawo. Ngati yafalikira kale kumafupa kapena kwina, HIFU si yanu, pamenepo nkhani ndi ya mankhwala a mahomoni ndi zina, ndipo wina aliyense wokuuzani kuti bweretsani ndalama tiotche akungofuna kukudyerani. Palinso zina zolepheretsa zomwe sungazidziwe wekha, prostate ikakhala yaikulu kwambiri kapena chotupa chikakhala kutsogolo mafunde aja safika bwino, mukakhala timiyala ta kashiamu mkati timatchinga, ndipo ngati munachitidwapo opareshoni yaikulu ya kumbuyo njira yake ndiye palibe. Ena oterewa amawapatsa njira youmitsa ndi kuzizira m'malo mootcha.

Chachiwiri, musathamange. Ine sabata yoyamba ndinkafuna angochotsa chinthucho mawa lomwe, ndinkaona ngati chikukula ola lililonse. Chomwe chinandikhazika mtima pansi ndi kafukufuku wa kuno ku Britain wotchedwa ProtecT, anatsata amuna oposa 1,600 omwe khansa yawo inali isanafalikire, ena anawachita opareshoni, ena radiotherapy, ena kungowayang'anira, ndipo zotsatira za zaka 15 zomwe zinatuluka mu 2023 zinaonetsa kuti pafupifupi 97 mwa 100 sanafe ndi khansayo, njira iliyonse yomwe anatenga. Sindikuti muzikhala pansi osapanga kanthu, ndikuti masabata angapo ofunsa ndi kuganiza sakuphani, pomwe chisankho chopupuluma mukhala nacho moyo wonse.

Pano pali chinthu chomwe chinandiwawa. Kuchipatala cha kwathu kuno adokotala anandiyikira njira ziwiri zokha patebulo, kuchotsa prostate yonse kapena radiotherapy, za HIFU sanatchule olo kamodzi. Ndinazimva kwa mwana wanga wamkazi yemwe anakhala usiku wonse pa intaneti. Nditabwerera kukafunsa adokotala aja anangoti eya iliko koma kuno sitipanga. Nde mfundo ndi imeneyo, sizipatala zonse za boma za NHS zomwe zimapanga, ndipo dokotala nthawi zambiri amakamba zomwe iye ali nazo m'manja. Mufunse nokha, mosaopa, kuti kodi ine focal therapy, kuchiza mbali yokhayo yomwe ili ndi khansa, ingandiyenere, ndipo ngati inu simupanga munganditumize komwe amapanga akaone mapepala anga? Kufunsa maganizo a dokotala wachiwiri si mwano, ife tinaleredwa kuti wamkulu akalankhula umangoti chabwino bwana, koma apa thupi ndi lanu. Ku London zipatala za University College London ndi Imperial College ndi zomwe zakhala patsogolo pa ntchito imeneyi kwa zaka zambiri, ma professor Mark Emberton ndi Hashim Ahmed mayina awo muwapeza paliponse mukamawerenga, koma ziliponso zina m'madera ena. Bungwe la NICE lomwe limapereka malangizo a zachipatala kuno limalola HIFU koma ndi malamulo apadera, kuti wodwala auzidwe bwinobwino kuti umboni wa zaka zambirimbiri sunakwane ngati wa opareshoni, komanso zotsatira zake zizilembedwa ndi kutsatidwa. Ku America nako bungwe la FDA linavomereza makina a HIFU koyamba mu 2015, koma mawu ake anali oti ndi ootchera nyama ya prostate, sanalembe kuti ochiza khansa. Zimenezi muzidziwe kuti wina asakunamizeni kuti ndi zamatsenga.

Za ndalama mwachidule. Pa NHS ngati ndinu woyenera simulipira. Kupita payekha ku pulayiveti mtengo umapitirira mapaundi 10,000, osawerengera ma MRI obwera pambuyo. Ndipo inu amene mumandifunsa kuti ndiwaitanitse bambo kumudzi abwere pa viza yocheza adzapangidwe kuno, dziwani kuti mlendo salandira chithandizo chotere chaulere, ku England amamulipiritsa kuposa mtengo weniweni, 150 peresenti. Komanso HIFU imafuna MRI yabwino nthawi ndi nthawi pambuyo pake, nde ngati bambowo akabwerera kumudzi komwe kupeza sikani ndi nkhondo, mwina njira ina ingawathandize bwino kuposa imeneyi. Ganizirani pamenepo musanagulitse munda.

Mukafika kwa dokotala wa HIFU pitani ndi munthu, ine ndinapita ndi mayi a kunyumba atanyamula kope ngati akupita ku msonkhano wa chigwirizano, ndipo anandithandiza chifukwa ine theka la zomwe zinakambidwa sindinazimve. Mufunse kuti mwapangapo anthu angati, muotcha mbali yaikulu bwanji, chotupachi chayandikana bwanji ndi mitsempha ya mphamvu za abambo komanso ndi kamnofu kotseka mkodzo, ndipo funso lalikulu ndi ili: zikakanika tidzatani? Chifukwa zimakanika ndithu kwa ena. Kafukufuku wa kuno wa amuna 625 yemwe anatuluka mu 2018 anapeza kuti patatha zaka 5, 88 mwa 100 anali asanafunikire chithandizo chachikulu monga opareshoni kapena radiotherapy, ndipo 98 mwa 100 sankavala thewera la mkodzo. Wina wa amuna 1,379 wa mu 2022 anapeza kuti pofika zaka 7 nambala ija inatsika kufika 69 mwa 100, ndipo pafupifupi mmodzi mwa 5 aliwonse anabwerezedwa kuotchedwa kachiwiri. Nde onani nokha, pa anthu 10, atatu amadzafunikabe njira yaikulu ija patsogolo. Ndipo opareshoni yobwera pambuyo pa HIFU imavutirapo chifukwa mkatimo mumakhala zipsera. Ine ndinawerengera zonsezi ndikuti chabwino, ndili ndi zaka zosafika 60, ndimagwira ntchito yonyamula anthu, ndikufuna mwayi wokhala wouma mthalauza, ndipo ngati ndidzabwererenso ndidzabwerera. Wina angawerengere zomwezi ndikuti ine sindingagone tulo chinthucho chikadali mthupi, achotse chonse. Nayenso sanalakwe.

Tsiku likaperekedwa yambani kukonza zinthu. Auzeni mankhwala onse omwe mumamwa, makamaka ochepetsa kuundana kwa magazi monga warfarin kapena clopidogrel, osasiya nokha, iwo ndi omwe anene tsiku losiyira. A shuga nawonso anene. Ndipo zija timatumizirana kuchokera kumudzi zija, makungwa, gondolosi, ufa wa m'mabotolo opanda dzina, zitchuleni basi, sakumangani, amangofuna kudziwa zomwe zili m'magazi mwanu asanakugonetseni. Amayeza mkodzo kuona ngati muli matenda, ngati alimo amayamba achiza kaye. Kuntchito pemphani masabata awiri ngati ntchito yanu ndi yamanja ngati yanga, a muofesi ena amabwerera patangopita masiku ochepa. Gulani mathalauza omasuka aja a lamba wa mphira, awiri kapena atatu, makabudula amkati ogwira bwino osati aja olendewera, ka pulasitiki koyala pamatiresi, ndi ndowa yaing'ono. Ndowayo mudzandithokoza. Pezaninso munthu wodzakutengani chifukwa simuloledwa kuyendetsa galimoto kapena kubwerera nokha tsiku limenelo, ndipo usiku woyamba pakhale munthu mnyumba.

Tsiku lenilenilo ndiye losavuta kuposa onse, zoona. Sumadya kwa maola 6, madzi okha amakuuza nthawi yolekezera. Ukafika amakupatsa kagauni kotsegula kumbuyo kaja kochotsa ulemu, masokosi othina oteteza magazi kuundana m'miyendo, kenako nesi amabwera ndi enema, timankhwala tothira kumbuyo kuti m'matumbo muyere chifukwa mafunde aja safuna chotchinga. Ukathiridwa usapite patali ndi chimbudzi, ine ndinkati ndiyankhe kaye foni ya mlamu wanga ndipo sindinamalize moni. Kenako amakugonetsa tulo, ena amangowabaya pamsana kuti kumunsi kufe dzanzi koma ambiri ndi tulo tenitenti chifukwa sufunika kugwedezeka olo pang'ono. Yanga inatenga pafupifupi maola awiri. Ndinadzuka pamimba palibe bala, palibe ulusi, kumbuyo kokha kumamveka ngati wakhalira mwala nthawi yaitali, ndipo ndinkamva mkodzo wandigwira kwambiri, ndikuuza nesi kuti ndithandizeni ndikataye madzi, iye akuti bambo muli ndi kachubu kale mkodzo ukutuluka wokha. Anandipatsa tiyi ndi bisiketi, madzulo omwewo ndinali kunyumba.

Tsopano kachubu. Apa ndi pomwe palibe yemwe anandikonzekeretsa mokwanira, onse ankangoti mudzakhala ndi catheter kwa masiku angapo ngati akunena za pulasitala wa pachala. Amayika chifukwa prostate ikaotchedwa imatupa ndikufinya njira ya mkodzo, popanda kachubu sungakodze. Ambiri kamadzera kumaliseche mpaka mchikhodzodzo, mkatimo muli kabaluni kamadzi kogwira kuti kasatuluke, ena amawaboolera pansi pa mchombo. Masiku ake amasiyana, ena atatu, ena mpaka 10, ine anali 7. Masana umamangirira kathumba pamwendo, mkati mwa thalauza, palibe yemwe angadziwe, ndinapita nako mpaka kusitolo. Usiku umalumikiza thumba lalikulu la malita awiri kunsi kwa kathumba kaja ndikutsegula kampopi kapakati. Malamulo ake ndi ochepa koma osawaphwanya: thumba lizikhala pansi kuposa chikhodzodzo nthawi zonse kuti mkodzo usabwerere, kachubu kasapindike, sambani m'manja musanakhudze ndi mutakhudza, tsukani pomwe kachubu kalowera ndi madzi ndi sopo wamba kawiri patsiku, ndipo amene sanadulidwe akatsuka abwezeretse khungu pamalo pake, likatsalira kumbuyo limatupa moopsa. Musadikire kathumba kadzaze mpaka kulemera, kakamakoka ndi pomwe umamva kuwawa kunsonga. Lamba womangira kachubu pantchafu ndi bwenzi lanu, mumange bwino kuti mukamayenda kasamakokeke.

Usiku wachiwiri ndinalumikiza thumba lalikulu bwinobwino koma kampopi ka pansi pa thumbalo ndinasiya kotsegula, ndinagona tulo tabwino kwambiri, mmawa mayi akutsika pabedi phazi linatera pa kapeti yonyowa chonyowa. Sanalankhule kanthu, anangopita kukatenga ndowa ija ndikuyika thumba mkati, kuyambira tsiku limenelo thumba limagona mundowa. Kapetiyo tinachita kuitanitsa makina ochapira. Nde musanazimitse magetsi gwirani kampopi ndi dzanja muone kuti katsekeka, osangoyang'ana.

China chomwe chimadzidzimutsa ndi chikhodzodzo kukokana, kumabwera mwadzidzidzi ngati mkodzo wakugwira koopsa, nthawi zina timkodzo timadontha m'mbali mwa kachubu, makamaka ukakhala pachimbudzi. Si kuti chaonongeka, chikhodzodzo chikungolimbana ndi kabaluni kaja, zikanyanya pali mankhwala ake, imbani foni. Imwani madzi lita imodzi ndi theka kapena awiri patsiku, khofi, tiyi wambiri, zakumwa za gasi ndi mowa ziyambe zadikira. Ndipo chonde musadzimbidwe. Kukankha chimbudzi cholimba pomwe pangootchedwa kumene ndi chilango chomwe simukufuna, nde nsima ichepe kaye masiku amenewo, ndiwo zamasamba zichuluke, zipatso, phala la oats, ndipo timankhwala tofewetsa m'mimba tomwe akupatsani imwani olo mukuona ngati simukufunika. Amaperekanso ma antibiotic, mumalize onse, ndi ka tamsulosin komasula njira ya mkodzo, kameneka kamachititsa chizungulire ukadzuka mofulumira, khalani kaye m'mphepete mwa bedi musanaime. Ululu weniweni ine sunandivute, paracetamol ankakwana. Kuyendayenda pang'ono mnyumba ndi panja kumathandiza, kungoti osanyamula zolemera, ndipo njinga muyiiwale kwa masabata angapo.

Tsiku lochotsa kachubu usiku wake sindinagone ndi mantha, koma zinatenga masekondi, nesi amaphwetsa kabaluni, amati pumani kwambiri, kwatha. Chovuta ndi mayeso obwera pambuyo pake, amakupatsa jagi ya madzi kuti uzimwa pang'onopang'ono, ukodze kawiri kapena katatu mu kabotolo koyezera, kenako amaunika pamimba kuona mkodzo wotsalira. Tinalipo madala anayi pabenchi, aliyense ndi jagi yake, osayang'anana, kumangomvetsera thupi ngati tikudikira zotsatira za mayeso a fomu 4. Mmodzi zinamukanika, anamubwezera kachubu kwa sabata ina, ndipo nesi anati zimachitika, kutupa kumakhala kusanathe, si kuti chithandizo chalephera. Musamwe madzi onse nthawi imodzi pofuna kuthana nazo msanga, chikhodzodzo chikadzaza mopitirira ndi pomwe chimakanika. Tengani kathewera kamodzi ka abambo ka paulendo wobwerera.

Masabata otsatira mkodzo umakhala wamakani. Umatuluka pang'onopang'ono, umawotcha, umakugwira pafupipafupi, usiku kudzuka katatu kanayi, ndipo nthawi zina umaoneka wofiirira ndi magazi, kapena mumatuluka tizidutswa ngati tinyama toyera kapena tofiirira. Tsiku loyamba kuona kachidutswa mchimbudzi miyendo inazizira, ndimati matumbo ayamba kutuluka, koma ndi nyama yopsa ija ikuyoyoka, zimatha kupitirira kwa masabata 6 mpaka 8, zimasiya ndikuyambiranso. Kwa ine pofika mwezi wachiwiri zonse zinali zitakhazikika, ndipo mkodzo unkathamanga bwino kuposa kale. Koma pali zizindikiro zomwe simuyenera kudikira nazo kuti kuche: mkodzo kukanikiratu kutuluka pomwe chikhodzodzo chadzaza, kutentha thupi ndi kunjenjemera, magazi ochuluka okhala ndi zibuma, machende kutupa ndi kuwawa, kachubu kusatulutsa kanthu kwa maola angapo. Pamenepo imbani 111, nambala ya NHS ya thandizo lachangu, kapena pitani ku A&E, ndipo muwauze kuti munapangidwa HIFU tsiku lakuti, kalata yotulukira kuchipatala muziyenda nayo chifukwa si madokotala onse amene amaidziwa bwino. Chinanso chosowa kwambiri koma choopsa ndi kubooka pakati pa njira ya mkodzo ndi thumbo, chizindikiro chake mkodzo kutulukira kumbuyo kapena mpweya kutuluka pokodza, chimenecho ndi chothamanga nacho. Ndipo ngati patapita miyezi mkodzo wayambanso kuchepa mphamvu, kanene, nthawi zina njira imapanga chipsera ndikuchepa, amatha kuitsegula.

Tifike pomwe mumaimbira foni usiku paja. Ayi sindinagwe m'papaya. Koma ndisakunamizeni kuti zonse zili ngati kale. Mwezi woyamba kunali zii, thupi lotopa, mutu uli ndi mantha, ndipo mantha pawokha amagwetsa munthu. Adokotala anandilembera tadalafil, ena amapatsidwa sildenafil, ndipo pang'onopang'ono mphamvu zinabwerera, panopa nthawi zina ndimamwa nthawi zina ayi. Amuna ambiri omwe anali bwino asanapangidwe amakhalabe bwino akaotchedwa mbali imodzi, ndi chifukwa chake anthu amaithamangira njira imeneyi, koma alipo ena zimawavuta ndithu, makamaka ngati chotupa chinali pafupi ndi mitsempha kapena anali kale ndi shuga ndi BP. Amene mumamwa mankhwala a mtima aja a nitrate musayerekeze kugula mapilisi amenewa pa intaneti, kuphatikiza ziwirizi BP imagwa moopsa, funsani kaye. Chomwe chinasintha kwa ine ndi umuna, poyamba unkatuluka wamagazi, wofiirira ngati dzimbiri, zomwe zinawaopsa mayi kuposa ine, kenako unachepa kwambiri, ena umauma kumene olo kukoma kumamvekabe. Tamsulosin nayenso amachepetsa, nde musaweruze mukadali pa mankhwalawo. Amene mukufunabe ana nenani musanapangidwe, pali njira yosungitsa mbewu. Ndipo akazi anu auzeni zonsezi pasadakhale, chifukwa mukangokhala chete ndikutembenukira kukhoma iwo amayamba kuganiza zina, ife zinatitengera mkangano wa sabata yathunthu kuti tifike pokambirana. Khansa simungawapatsire pogonana, funso limenelinso ndafunsidwa kangapo.

Ndinati ndibwerera pa nkhani yoti prostate imatsala. Munthu yemwe anachotsedwa yonse PSA yake imayenera kutsika mpaka kusaoneka, ikangoyamba kuoneka amadziwa kuti pali vuto. Ife a HIFU si choncho, mbali yotsala ija imapangabe PSA, nde siifika pa ziro, ndipo masiku oyambirira imakwera kumene chifukwa cha kupsa kuja, musathamangire kukayezetsa sabata yoyamba mungadzidwalitse ndi mantha. Amayamba kuyeza pakatha miyezi itatu, chaka choyamba miyezi itatu iliyonse, kenako amatalikitsa. Chofunika ndi kuona pomwe yatsikira ndi mmene ikuyendera kuchokera pamenepo. Yanga inatsika kuchoka pa 7.8 kufika 2.1 ndipo yakhala ikusewera pomwepo. Ndili ndi kakope komwe ndimalemba deti ndi nambala nthawi iliyonse, musadalire kuti kompyuta ya kuchipatala ikukumbukirani, makamaka ngati munapangidwa kwina ndipo magazi mumayezetsa kwa GP, dokotala wa kudera kwanu, mapepala amasochera pakati. Musanakayezetse khalani masiku awiri osagonana komanso osachita masewera olimba, ndipo ngati mwadwala matenda a mkodzo dikirani masabata 6, zonsezi zimakweza nambala mwabodza. Pakatha chaka pamabwera MRI ina, ndipo akaona chokayikitsa amabwereza biopsy, chifukwa khansa itha kutsalira m'mphepete mwa pomwe anaotcha kapena kumera mbali inayo yomwe sanakhudze. Apa ndi pomwe anthu athu timalakwitsa, munthu akangoona kuti akukodza bwino ndipo kuchipinda kuli mtendere amati ndachira, umboni wapereka kale kutchalitchi, makalata a apoyintimenti akungounjikana pa friji. Ngati mukudziwa kuti ndinu munthu wotero, wothawa chipatala, ndinene mosabisa kuti HIFU musaiyambe.

Chomaliza, abale anu aamuna auzeni. Kuno amati mwa amuna onse mmodzi mwa 8 adzapezeka ndi khansa imeneyi, koma kwa ife akuda ndi mmodzi mwa 4, ndipo ngati bambo kapena mchimwene wako anali nayo mwayi woipawo umakweranso, ndi chifukwa chake amalangiza kuti ife tiziyamba kukamba za PSA ndi GP tikafika zaka 45, osadikira zizindikiro poti ikamayamba siimveka. Ine sindinkamva kalikonse, ndinangoyezetsa chifukwa mayi anandikakamiza nditapita kukayezetsa BP. Desmond Tutu anapezeka nayo mu 1997 ndipo anakhala zaka zoposa 20 akulankhula za iyo poyera, ife tikubisa chani. Ang'ono anga awiri ali ku Lilongwe ndinawatumizira ndalama ya PSA mwezi womwewo, mmodzi anapita, winayo ndalamayo anagulira feteleza ndipo mpaka lero akuti apita akakolola. MRI yanga yotsatira ili mu Novembala, ndalemba kale pa kalendala ya kukhitchini ndipo shifiti ya tsikulo ndasinthana kale ndi mnzanga.